Chala, nkhope kapena PIN: foni titseke ndi chiti?

Foni ya masiku ano ndi chikwama cha ndalama. Muli Mpamba kapena Airtel Money, muli WhatsApp, muli zithunzi zoti ngakhale m'bale wako asazione. Njira zitatu zotsekera ndazigwiritsapo zonse, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imadontha.

Chala n'chofulumira, palibe wotsutsa. Ukangokhudza, foni yatseguka, ndipo mnzako wa pampando mu minibasi alibe choti aone n'kuloweza. Koma chimafuna dzanja louma. Ukangomaliza kuchapa kapena kudya nsima, foni imakukana ngati mlendo. Amene amagwira khasu kapena simenti tsiku ndi tsiku, mizere ya zala imafufutika, ndiye amavutika kuposa ife. Vuto lenileni ndi loti chala sichidziwa ngati mwini wake ali maso. Mphwanga wa zaka 9 anandionetsa zimenezi Lamlungu lina masana: ndili mtulo pamkeka, anagwira chala changa pang'onopang'ono, n'kuchigunditsa pa foni. Podzuka ndinapeza bandulo yonse yathera pa makatuni. Tinaseka, koma akanakhala munthu wamkulu wofuna kuwerenga mauthenga anga, njira inali yomweyo.

Kukopera chala n'kothekanso. Mu 2013, patangopita masiku ochepa iPhone 5s itatuluka ndi Touch ID, loko ya chala ya kampani ya Apple, gulu la Chaos Computer Club la ku Germany linajambula chidindo cha chala chotsala pagalasi, n'kupanga chala chabodza chomwe chinatsegula foniyo. Chaka chotsatira mmodzi wa gululi, Jan Krissler, anaonetsa chidindo cha Ursula von der Leyen, yemwe anali nduna ya zachitetezo ya ku Germany nthawi imeneyo, chomwe anati anachipanga kuchokera pa zithunzi zojambulidwa pamsonkhano wa atolankhani. Wakuba wa ku depoti sangadzivutitse ndi zonsezi. Komabe zala zathu timazidinda pa kapu, pachitseko, ngakhale pagalasi la foni yomweyo.

Pa nkhope m'pomwe anthu ambiri amapusitsika, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu ndi ziwiri. Face ID ya Apple, yomwe inabwera mu 2017, imawaza timadontho tosaoneka toposa 30,000 pankhope n'kuyeza kuzama kwake. Eni ake amati mwayi woti mlendo atsegule ndi umodzi pa 1,000,000, pomwe wa Touch ID ndi umodzi pa 50,000, ngakhale amavomereza kuti mapasa ndi abale ofanana akhoza kudutsa. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe zimenezo. Amangoyang'ana ndi kamera ya selfie. Mu 2023 bungwe la ogula la Which? ku Britain linayesa mafoni 48, ndipo 19 anatseguka ndi chithunzi chosindikiza papepala. Ganizirani kuchuluka kwa zithunzi zanu zomwe zili pa Facebook. Ngati foni yanu ndi ya gulu limeneli, loko ya nkhope izimitseni lero lomwe.

PIN ndi yachikale, ndipo imatopetsa. Ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha, ya manambala 6 ili ndi 1,000,000. Chofooka chake ndi ife eni: timaika 1234 kapena chaka chobadwa, timailemba pamaso pa anthu pamzere wa ejenti, ena mpaka PIN ya foni ndi ya Mpamba n'kukhala imodzi. Patani, yojambula mzere ndi chala pa timadontho, ndiye musanene, mafuta a chala amasiya njira yake pagalasi. Koma PIN ili ndi chinthu chimodzi chomwe zinazo zilibe. Wina akaidziwa, umaisintha usiku womwewo. Zala ndi khumi basi, nkhope ndi imodzi. Mu 2015 akuba a pa intaneti anatenga zidindo za zala za anthu 5.6 miliyoni ku ofesi yoona za ogwira ntchito m'boma la America. Anthu amenewo zala zawo ndi zomwezo mpaka lero.

Apa tisiyanitse bwino. Chala cholembetsa pa foni chimasungidwa m'kachipangizo kotetezedwa mkati mwa foniyo, sichitumizidwa kwina. Chala choperekedwa ku makina a pageti la kuntchito kapena kwa kampani ina chimakakhala mu kompyuta ya eni ake, ndipo sudziwa amene ali ndi kiyi. Ku NRB tinadinda mu 2017 chifukwa chiphaso cha unzika chimafuna zimenezo. Koma wobwera ndi mphatso kuti ajambule maso ako ndi nkhani ina: ku Kenya anthu anaima pamizere italiitali kuti kampani ya Worldcoin iwajambule maso posinthana ndi ndalama za pa intaneti, mpaka boma linaimitsa ntchitoyo mu Ogasiti 2023.

Ine ndinakhazikika apa: PIN ya manambala 6 yosiyana ndi ya ndalama, chala chimodzi chogwiritsa ntchito pagulu, nkhope ayi. Ndikafuna kugona pamalo pa anthu, kaya pamaliro kaya m'basi ya usiku yopita ku Mzuzu, ndimaizimitsa foni n'kuiyatsanso. Ikayaka imayamba yafunsa PIN, chala ngakhale uchigunditse kangati.