Miyezi 20 ndikutafunira dzino la zirconia

Dzino langa lotafunira la m'munsi kumanzere linang'ambika mpaka kumuzu, ndiye analizula. M'malo mwake dokotala wa mano anaika implant, kachitsulo ka titanium kokhala ngati sikuluwu, m'fupa la nsagwada. Ndinadikira miyezi 4 kuti fupa likagwire bwino, kenako anamangirira pamwamba pake crown, lomwe ndi dzino lochita kupanga looneka m'kamwa. Crown yanga ndi ya zirconia, chinthu choyera cholimba kwambiri, ndipo ndi yokutidwa ndi porcelain, chinthu chosalala chonga chopangira makapu a tiyi osweka aja. Papita miyezi 20 chiyambire kulitafunira.

Pa maonekedwe ndilibe dandaulo. Ndimamwa tiyi kawiri pa tsiku koma mtundu wake sunasinthe, ndipo nyama yowotcha ndi mtedza ndimatafuna mbali zonse ngati kale.

Mwezi wa 7 ndinayamba kumva kuti ndikalikankha ndi lilime likugwedera pang'ono. Usiku umenewo tulo sindinatione, poganiza kuti implant yazuka ndipo ndalama zanga zalowa m'madzi. X-ray inaonetsa kuti fupa lili bwinobwino. Chomwe chinamasuka ndi kasikuluwu kakang'ono kolumikiza crown ndi implant. Adokotala anachotsa zomatira zomwe zimatseka kabowo pamwamba pa dzinolo, anamanga kasikuluwuko ndi kachida koyeza mphamvu yomangira, n'kutsekanso. Sanandibaye ngakhale jekeseni. Anandiuza kuti ndikanazengereza, kasikuluwuko kakanatha kuthyokera mkati, ndipo kutulutsa chidutswa chake ndi ntchito yovuta. Pamenepa ndinayamikira kuti crown yanga ndi yomangirira, osati yomata ndi simenti. Yomata imavuta kuchotsa, komanso simenti ikatsalira pansi pa nkhama imatha kuyambitsa kutupa kodya fupa.

Chomwe chinandiwawa mtima kwenikweni chinachitika mwezi wa 14. Ndinaluma kamwala mu nyemba, ndinangomva kuti gwa, kenako kachidutswa koyera ngati kambewu ka mpunga kali pa lilime. Porcelain inabenthuka m'mphepete. Dzino lachibadwa lili ndi timinyewa pakati pa muzu ndi fupa, ndipo timeneti timachenjeza nsagwada msanga ukaluma chinthu cholimba. Implant ilibe zimenezi, yagwirana ndi fupa mwachindunji, ndiye umaluma ndi mphamvu zonse osadziwa. Zirconia yamkati sinasweke, choncho anangopala ndi kusalaza pobenthukapo. Tsiku lomwelo anaona zizindikiro zoti ndimakukuta mano kutulo, ndipo pano ndimagona nditavala kapulasitiki koteteza mano. Ndikanadziwa, ndikanapempha zirconia yokhayokha yosakutidwa. Dzino lakumbuyo silifuna kukongola kwambiri, limafuna kulimba, ndipo gawo lokutalo ndi lomwe limakonda kubenthuka.

Palinso kampata komwe katseguka pakati pa crown ndi dzino lakutsogolo kwake, chifukwa mano achibadwa amasuntha pang'onopang'ono pomwe implant ili phee. Ulusi wa nyama umakodwa pamenepo, ndiye kamswachi kolowa pakati pa mano sikachoka m'thumba mwanga.

Implant yeniyeniyo sinandikhumudwitsepo. Munthu woyamba yemwe dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anamuika zitsulo za titanium m'nsagwada mumzinda wa Gothenburg mu 1965 anakhala nazo zaka zoposa 40, ndipo ine mavuto anga onse akhala a pamwamba pa nkhama. Ndingaikitsenso popanda kukayika. Nzimbe zokha ndinasiya kusenda ndi mano, ndimayamba ndadula ndi mpeni.