Ndemanga yanga pa kuyezetsa kwa NIPT komwe ndinalipira ndili ndi pakati pa milungu 10

Papita miyezi itatu chilandirireni zotsatira za kuyezetsa magazi kotchedwa NIPT, koona mpata woti mwana wam'mimba ali ndi vuto monga Down syndrome, komwe ndinachita kulipira pachipatala china chomwe si chimene ndimayenderako sikelo, ndipo ndikulemba ndemangayi chifukwa amayi anzanga angapo oyembekezera akhala akundifunsa ngati ndalama zimene ndinatulutsazo zinapindula kanthu. Ndili ndi zaka 38, ndipo pakati pano panabwera patatha chaka ndi theka nditapita padera, motero milungu yoyambirira ndinkangokhala mtima uli m'mwamba, tulo osabwera bwino. Kuyezetsako pakokha ndi kwabwino ndipo sindikunong'oneza bondo kuti ndinapita, koma momwe achipatalacho anandilandirira ndi kundifotokozera sizinafanane ndi kukula kwa nkhani imene anali kundigulitsa, ndipo zimene ndinkafunika kudziwa ndisanalipire ndinazimva mochedwa, kwa munthu wina.

Kwa amene sanamvepo, maselo a thupi la munthu amakhala ndi makromozomu 46, timaulusi tosunga malangizo a chibadwa cha munthu, amene amakhala awiriawiri m'magulu 23. Gulu la nambala 21 likakhala ndi makromozomu atatu m'malo mwa awiri, mwana amabadwa ndi Down syndrome. Zikachitika pa gulu la 18 amati Edwards syndrome, ndipo pa gulu la 13 amati Patau syndrome. Ziwiri zomalizazi ndi zoopsa kwambiri, moti ana ambiri amamwalira asanabadwe kapena asanakwanitse chaka. Mu 1997 wasayansi wina dzina lake Dennis Lo anapeza kuti m'magazi a mayi woyembekezera mumayandama tizidutswa ta DNA, chinthu chimene chimapanga makromozomu, tochokera ku mimbayo, ndipo pofika mu 2011 zipatala zinayamba kugwiritsa ntchito nzeru imeneyi poyeza amayi. Labotale imawerengera tizidutswato n'kuona ngati gulu lina lachuluka kuposa mmene liyenera kukhalira. Chimene kapepala ka kuchipatalako sikananene momveka n'chakuti tizidutswato timachokera ku nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya ali m'chiberekero, osati kwa mwana mwiniwakeyo, ndipo mfundo imeneyi, ngakhale imaoneka yaing'ono, ndi imene imachititsa kuti kuyezetsaku kungonena za mpata woti vuto lilipo, osati kutsimikizira.

Tsiku lotenga magazi zonse zinayenda mwachangu ndi mwaulemu. Anayamba andiunika pa sikani kuti atsimikize kuti milungu 10 yakwanadi komanso kuti mwana ndi mmodzi, kenako anamwino ananditenga magazi pamkono m'timabotolo tiwiri, n'kumata dzina langa pa kalikonse ine ndikuona, ndipo mphindi makumi awiri zisanathe ndinali nditatuluka. Singano inalowa kamodzi kokha ndipo palibe chilichonse chimene chinafika pafupi ndi chiberekero, chomwe kwa munthu amene anapitapo padera ndi chinthu chachikulu zedi. Vuto linali pa fomu. Inali ndi timabokosi titatu tochongamo, kachiwiri kokwera mtengo kuposa koyamba, kachitatu kuposa tonse, ndipo pamwamba pake analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti kuyezetsako kumalondola kuposa 99 peresenti. Nditafunsa kusiyana kwa timabokosito, anamwino aja anandiyankha mokoma mtima kuti, "Mayi, ambiri amasankha kachitatuka kuti adziwiretu zonse." Ndinafunsa ngati ndingaonane kaye ndi adokotala, koma anati tsiku limenelo kunalibe. Ndinachonga kachitatu, chifukwa mayi wamantha akamva mawu akuti zonse sangasankhe zochepa.

Patapita masiku 9 anandiimbira foni ndili kuntchito, ndipo mawu oyamba anali akuti magazi anga sanatulutse zotsatira. Ndinakhala pansi miyendo italefuka, chifukwa palibe anali atandichenjeza kuti zotere zimachitika, ndipo maganizo anga anathamangira kukuti apeza choipa chimene akuopa kundiuza pa foni. Zoona zake zinali zakuti DNA ya nsengwa inachepa m'magazi anatengawo. Kawirikawiri imakhala pafupifupi 10 peresenti ya tizidutswa tonse toyandama m'magazi a mayi, ndipo malabotale ambiri amafuna kuti ifike pafupifupi 4 peresenti kuti awerengere molondola. Imakonda kuchepa magazi akatengedwa molawirira kwambiri, komanso mwa amayi onenepa, ndipo ine zonse ziwirizi zinandikhudza, popeza ndinapita tsiku lenileni limene milungu 10 inakwana. Ndiyenera kuyamikira kuti ananditenganso magazi pa milungu 12 osandilipiritsa kachiwiri. Komabe akanandiuza poyamba pomwe kuti kudikira mlungu umodzi kapena iwiri kukanachepetsa ngozi yobwereza, ndikanadikira, ndipo masiku amene ndinkaganiza kuti ndikugula mtendere sakanakhala masiku a nkhawa yoposa kale.

Munthu amene anandithandiza kumvetsa ndi adokotala amene amandiona kusikelo, amene sanalandire kalikonse pa ndalama zija. Nditawaonetsa kapepalako anatenga cholembera, anakatembenuza n'kuyamba kuwerengera kuseri kwake. Anati 99 peresenti ikutanthauza kuti pa ana 100 amene alidi ndi Down syndrome, kuyezetsako kumapeza pafupifupi 99, koma silikuyankha funso limene mayi amakhala nalo akauzidwa kuti mpata wa vuto ndi waukulu, lomwe ndi lakuti kodi mwana wanga ali nalodi vutoli. Yankho la funso limeneli limadalira kuti vutolo limachitika kawirikawiri motani mwa amayi ofanana ndi iweyo. Mayi wa zaka 25 mpata wake wobereka mwana wa Down syndrome ndi pafupifupi mmodzi pa 1,250, wa zaka 35 ndi pafupifupi mmodzi pa 350, pamene wa zaka 40 ndi pafupifupi mmodzi pa 100. Anati tiyerekeze amayi 10,000 amene mpata wawo ndi mmodzi pa 1,000. Ana 10 adzakhala ndi vutolo ndipo kuyezetsa kudzawapeza pafupifupi onse, koma ngati kuyezetsako kumachenjeza molakwika kamodzi pa 1,000, amayi enanso pafupifupi 10 adzauzidwa kuti mpata ndi waukulu ana awo alibe vutolo. Ndiye kuti pa amayi 20 olandira uthenga wodetsa nkhawa, theka okha ndi amene uthengawo ndi woona. Atabwerezanso masamuwo pa amayi a zaka 40, anapeza kuti pafupifupi 9 pa 10 aliwonse uthengawo umakhala woona. Kapepala kaja ndikanali nako, manambala a adokotala ali kuseri, ndipo ndimaona kuti mbali yakuseriyo ndi imene inayenera kusindikizidwa kutsogolo.

Anandifotokozeranso chifukwa chake chenjezo limatha kulakwika. Pa mimba imodzi kapena ziwiri pa 100 zilizonse, maselo ena a nsengwa amakhala ndi makromozomu osiyana ndi a mwana. Nthawi zina mimba imayamba ndi mapasa, mmodzi n'kusiya kukula molawirira, koma DNA yake n'kumapezekabe m'magazi kwa milungu ingapo. Nthawi zinanso kusiyanako kumakhala m'maselo a mayi mwiniyo. N'chifukwa chake zotsatira zosonyeza mpata waukulu siziyenera kukhala maziko a chosankha chilichonse chosabwezeka zisanatsimikizidwe, ndipo kutsimikizako kumafuna singano yolowa m'chiberekero, kaya pa CVS, pomwe amatapa kachidutswa ka nsengwa pakati pa milungu 11 ndi 14, kapena pa amniocentesis, pomwe amatapa madzi a m'nsupa kuyambira milungu 15. Njira ziwirizi zimapereka yankho lotsimikizika, koma zili ndi chiopsezo chaching'ono chopita padera, chimene chimatha kufika mayi mmodzi pa 200.

Apa m'pamene ine ndi amuna anga tinazindikira kuti tinalipira tisanakambirane funso lalikulu. Usiku umenewo tinakhala nthawi yaitali tikufunsana kuti zotsatira zikabwera zodetsa nkhawa tidzatani. Amuna anga ananena mosazengereza kuti mwana ndi wathu mulimonse mmene angabadwire, ndipo inenso ndinali ndi mtima womwewo, koma tinasiyana pa nkhani ya singano. Iwo ankaona kuti ngati sitisintha maganizo, palibe chifukwa choikira mimba pachiswe ngakhale pang'ono. Ine ndinkaona kuti sindingathe kukhala miyezi isanu ndi umodzi ndikungoganizira osadziwa choona, komanso kuti kudziwa kuli ndi phindu lenileni, popeza pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo makolo odziwiratu akhoza kupempha kuti mtima wa mwana uunikidwe bwino asanabadwe, n'kusankha kukachirira kuchipatala chokhala ndi madokotala a ana akhanda. Sitinagwirizane usiku womwewo, ndipo zinatitengera masiku angapo. Kukambirana kumeneku kunayenera kuchitika magazi asanatengedwe, ndipo chipatala chogulitsa kuyezetsa kotere chili ndi udindo wofunsa banja lililonse ngati lakambirana, chifukwa ndaona kuti kwa banja limene silingafune kutsimikiza ndi singano, komanso limene limakhala pamtendere posadziwa, ndalamazo zikhoza kungogula nkhawa yopanda kothera.

Panalinso njira ina yotsika mtengo imene achipatala cholipiracho sanaitchule n'komwe. Pakati pa milungu 11 ndi 14 amatha kuyeza pa sikani timadzi tokhala kuseri kwa khosi la mwana, n'kuphatikiza muyezowo ndi zaka za mayi komanso zinthu ziwiri za m'magazi, PAPP-A ndi hCG. Njira imeneyi imapeza ana 85 mpaka 90 pa ana 100 a Down syndrome, ndipo imachenjeza molakwika amayi pafupifupi 5 pa 100, motero NIPT imaiposa kutali. Komabe mayi wachichepere amene ndalama zili zomuvuta akhoza kuyamba ndi njirayi, n'kulipira NIPT pokhapokha zotsatira zake zikakayikitsa. Kwa ine, pa zaka zanga ndi zimene ndinadutsamo, ndimaonabe kuti kupita molunjika ku NIPT kunali koyenera, ngakhale sikani ya pakhosi ndinachititsabe, chifukwa adokotala anati DNA ya nsengwa ikachepa ndi bwino kumuona mwanayo mosamala, popeza nthawi zina kuchepako kumayendera limodzi ndi mavuto a gulu la 13 ndi la 18.

Kabokosi kachitatu kaja ndi kamene sindikanachonganso. Kanawonjezera kuyeza tizigawo ting'onoting'ono tosowa pa makromozomu, monga kotchedwa 22q11.2, ndi mavuto ena osowa kwambiri kuposa amenewa. Masamu a adokotala aja amagwiranso ntchito pano, ndipo amapweteka kwambiri, chifukwa vuto likakhala losowa, machenjezo ambiri amadzapezeka kuti sanali oona. Ndinalipira ndalama zowonjezera pa gawo limene linali ndi mpata waukulu wonditengera ku singano popanda chifukwa, ndipo mawu akuti kudziwiratu zonse sanali oona, chifukwa palibe kabokosi kalikonse pa fomuyo kamene kamaona zonse.

Zotsatira zachiwiri zinafika patatha masiku 8, kudzera pa imelo, Lachisanu madzulo chipatala chitatseka. Ndinaitsegula manja akunjenjemera, amuna anga ataima kumbuyo kwanga. Panali mizere itatu, ya 21, ya 18 ndi ya 13, ndipo pa uliwonse analembapo kuti mpata ndi wochepera mmodzi pa 10,000, pamene m'munsi analemba kuti DNA ya nsengwa inafika 7 peresenti. Ndinalira kwa nthawi ndithu, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagone kwa milungu yambiri. Mpumulo umenewo unali weniweni ndipo sindingaupeputse. Koma mpaka lero ndimaganizira mayi wina amene imelo yofanana nayo imamufikira Lachisanu madzulo ili ndi uthenga wosiyana, alibe wina womuimbira mpaka Lolemba, ndipo wangowerenga kapepala konena za 99 peresenti. Ndinawalembera achipatalacho kuwapempha kuti zotsatira zizinenedwa ndi munthu wotha kuyankha mafunso, komanso kuti mayi aliyense aziyamba waonana ndi dokotala kapena mzamba asanapatsidwe fomu. Anandiyankha mwaulemu kuti aziganizira.

Lolemba nditapita nazo kusikelo, adokotala anasangalala nane, koma anandikumbutsa kuti mpata wochepa sutanthauza kuti palibiretu, ndiponso kuti NIPT siona mmene thupi la mwana laumbikira. Siingadziwe ngati msana watsekeka bwino, ngati mtima uli ndi zipinda zake zinayi, kapena ngati impso zonse zilipo, ndipo siona matenda ambiri otengera kumtundu amene amachokera pa jini imodzi. Zina mwa izi zimaoneka pa sikani ya pakati pa milungu 18 ndi 22, imene anandiuza kuti ndisaiphonye poganiza kuti magazi aja anamaliza zonse. Ndinapita pa milungu 20, ndipo wounikayo anakhala nthawi yaitali pa mtima, akusuntha kachipangizo pang'onopang'ono pamimba panga, mpaka anandilozera pa sikirini zipinda zinayi zikugunda, n'kundipempha kuti ndibwerenso patatha milungu iwiri chifukwa mwana anagona mofulatira ndipo nkhope sinaoneke bwino.