Kosi ya zaukazembe ija: nzeru ndinatola, koma satifiketi andimana

Achemwali anga a ku Dwangwa andifunsa ngati angamulipirire mwana wawo kosi yaifupi ya zaukazembe ndi ubale wa mayiko imene ndinachita pa intaneti kumapeto kwa 2023. Nditangoimaliza ndinaiyamikira kwambiri pano, ndipo ena munalembetsa chifukwa cha mawu anga. Papita miyezi tsopano, ndiye mumve zonse.

Kosiyi inali ya masabata asanu ndi limodzi, yoyendetsedwa ndi bungwe lina lakunja lomwe lili ndi munthu wawo ku Lilongwe. Mtengo unali madola 120, kulipira kawiri. Amalume ndi amene anandilipirira atagulitsa mpunga.

Zoyenda bwino zinalipo. Mavidiyo ankatheka kutsitsa, choncho magetsi akathima kuno ku boma la Nkhotakota sindinkatsalira. Zowerenga sizinkadya bandulo. Aphunzitsi ankafika pa Zoom nthawi yake. Anatiphunzitsa bwino pangano la ku Vienna la 1961 lokamba za ufulu ndi chitetezo cha akazembe, komanso kalembedwe ka lipoti lalifupi lopita kwa nduna, kamene ndikugwiritsabe ntchito ku koleji.

Chimene sindinayembekezere ndi sabata ya za malire. Mphunzitsi ataona kuti m'kalasi muli Amalawi, anasankha mkangano wa nyanja yathu ndi Tanzania, natigawa m'magulu kuti tikambirane ngati nthumwi za maboma. Ine anandiika mbali ya Tanzania. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinakulira pagombe pomwe pano ndipo nkhani yoti wina atenge mbali ya nyanja sindinkafuna n'kuimva komwe. Koma ntchito inandikakamiza kuwerenga. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la 1890, limene Britain ndi Germany anagwirizana kuti malire adutse m'gombe la kum'mawa, komanso pa chigamulo cha OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la nthawi imeneyo, cha ku Cairo mu 1964 choti malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu asasinthidwe. Tanzania imati mwa chizolowezi cha malamulo a mayiko, malire a nyanja yogawana amadutsa pakati, ndipo anthu awo a m'mphepete amamwa ndi kuwedza m'madzi omwewo. Nkhaniyi inabukanso mu 2012 Malawi atapereka zilolezo zofufuza mafuta m'nyanja, ndipo atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kukhala amkhalapakati koma sizinathe.

Chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi cha kutsidya kwathu kuno. Mapiri amene timawaona kukacha bwino ndi a Mozambique, ndipo kumeneko malire ali pakati pa nyanja chifukwa Britain ndi Portugal anagwirizana choncho mu 1954, n'kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Nyasaland. Nyanja imodzi, mapangano awiri osiyana. Anzanga a gulu la Malawi anagwiritsa mfundo yomweyo kutigonjetsa: ngati ndi Portugal panafunika pangano latsopano kuti malire asunthe, ndi Tanzania pangano lotere lili kuti? Mpaka lero ndili kumbali ya Malawi, koma tsopano ndimadziwa chifukwa chake, ndipo ndimatha kuwafotokozera asodzi a kwathu akandifunsa. Ndikakumbukira sabata imeneyo ndimaona kuti mpunga wa amalume sunapite pachabe.

Koma ndikatsegula imelo maganizo amasintha. Chigawo choyamba tinalipira kwacha isanagwe. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chigawo chachiwiri, madola omwewo, chinakwera moti amalume anachita kukongola. Limenelo si vuto la bungwelo, ngakhale tinawapempha kuti atiganizire ndipo anakana. Vuto lawo ndi satifiketi. Potsatsa analemba kuti aliyense womaliza alandira satifiketi. Titamaliza anatitumizira kachithunzi ka satifiketi kokhala ndi chilembo chachikulu pakati chosonyeza kuti n'kongoonetsera, dzina langa atalilakwitsanso. Nditafunsa, anati yeniyeni, ya siginecha ndi nambala yotsimikizira, ndi madola ena 40. Ndalama imeneyi sinatchulidwe paliponse tisanalipire.

Ndinalembera munthu wawo wa ku Lilongwe. Anayankha mwaulemu, "Pepani achimwene, tikonza sabata ino." Sabata inatha. Ndinaimba, anati nkhaniyo ili ku likulu. A ku likulu anandibwezera kwa iye yemweyo. Kenako gulu lathu la WhatsApp analitseka kuti azilemba okha, tsiku lomwe ophunzira ambiri tinayamba kufunsa funso limodzimodzi. Chinandiwawa kwambiri ndi pamene ndinkafunsira mwayi wophunzira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu ku Salima. Anandipempha umboni wa kosiyi, ndipo chimene ndinali nacho ndi kachithunzi kaja ka dzina lolakwika. Ndinachita kuichotsa pa CV.

Anthu ophunzitsa kusunga mapangano a mayiko akulephera kusunga lawo ndi mwana wa sukulu. Aphunzitsi sindikuwada, mwina sadziwa n'komwe zimene a ku ofesi akuchita.

Amene mukufuna kulembetsa, musanatulutse tambala uzani munthu wawoyo akulembereni mtengo wonse, satifiketi ili momwemo, m'makwacha osati m'madola, ndipo funsani yunivesite kapena bungwe limene limaivomereza. Akazemba, sungani ndalama zanu. Pa madola 120 ndikanati kosiyi ndi yabwino. Pa 160, ena obisa, sindingaikire umboni. Sabata yatha anditumiziranso uthenga woti anditsitsira kufika pa madola 30 ndikalipira mwezi uno usanathe. Ndawayankha kuti akonze dzina langa ndi kutumiza zimene analonjeza, apo ayi abweze chigawo chachiwiri cha amalume.