Ndemanga yanga pa Arbitrum One potumiza ndalama zochepa

Ndakhala ndikulandira malipiro a ntchito zanga za pa intaneti mu USDC, ndalama ya pa intaneti imene mtengo wake umatsatira dola ya ku America, kudzera pa Arbitrum One, netiweki yotumizira ndalama zotere imene inamangidwa pamwamba pa netiweki yaikulu ya Ethereum, ndipo kwa munthu amene amatumiza kapena kulandira ndalama zochepa kawirikawiri, ndikuona kuti netiweki imeneyi ndi yothandiza kuposa Ethereum yeniyeniyo.

Chimene chinandichotsa pa Ethereum ndi gas, ndalama imene munthu amalipira kuti zimene watumiza zilembedwe mu block, gulu la zotumiza limene netiweki imalemba nthawi imodzi. Kutumiza ETH, ndalama ya Ethereum, kumadya mayunitsi 21,000 a gas, ndipo USDC imadya woposa pamenepo chifukwa imadutsa mu smart contract, pulogalamu imene imagwira ntchito pa netiwekiyo. Kuyambira mu Ogasiti 2021, mtengo woyambira wa gas umakwera wokha mpaka 12.5 peresenti pa block iliyonse ngati yapitayo inadzaza, ndipo popeza block imatuluka masekondi 12 aliwonse, anthu akachulukana mtengowo umatha kuwirikiza kawiri mphindi ziwiri zisanathe. Chopweteka n'chakuti gas sayang'ana kuchuluka kwa ndalama, moti wotumiza madola 20 amalipira mofanana ndi wotumiza madola 20,000.

Arbitrum One, imene kampani ya Offchain Labs inatsegulira anthu onse mu Ogasiti 2021, imagwira ntchitoyo payokha kenako n'kusonkhanitsa zotumiza za anthu ambiri ndi kuzilemba pamodzi pa Ethereum, motero mtengo umagawanika, monga amachitira ochita malonda akasonkherana kulipira lole imodzi yopita kumsika. Kusintha kumene ndinakuona bwino kunabwera ndi kukonzedwa kwa Ethereum kotchedwa Dencun pa 13 Malichi 2024, pamene Ethereum inapatsa ma rollup, manetiweki osonkhanitsa zotumiza ngati Arbitrum, malo otchipa otchedwa blobs osungiramo deta yawo. Kuchokera nthawi imeneyo ndimalipira masenti ochepa chabe, ndipo chitsimikizo chimaoneka mu MetaMask, pulogalamu yosungiramo ndalamazi, ndisanayike foni pansi.

Pali zinthu zimene wogwiritsa ntchito ayenera kudziwiratu. Gas pa Arbitrum amalipidwa mu ETH, choncho amene ali ndi USDC yokha sangathe kusuntha ngakhale dola imodzi mpaka atapeza ETH pang'ono pa netiweki yomweyo. Palinso USDC ya mitundu iwiri, yeniyeni imene kampani ya Circle, mwini wake wa USDC, inayamba kutulutsa pa Arbitrum mu 2023 ndi USDC.e imene inaoloka kuchokera ku Ethereum, ndipo ndi bwino kufunsa wolandirayo mtundu umene akufuna musanatumize.

Chofunika kwambiri ndi nthawi yotulutsira ndalama. Arbitrum imaganizira kuti zonse zolembedwa ndi zoona pokhapokha wina atatsutsa, ndiye kubweza ndalama ku Ethereum kudzera pa bridge yake, njira yoolotsera ndalama pakati pa manetiweki awiriwa, kumatenga pafupifupi masiku 7 kuti otsutsa apeze mpata. Sindikuliona ngati vuto, chifukwa kudikirako ndi kumene kumateteza ndalamazo, koma amene akufuna kulipira sukulu fizi mawa asadalire njira imeneyi. Ine ndimatumiza ku exchange, msika wa pa intaneti wosinthira ndalamazi, imene imalandira Arbitrum mwachindunji.

Komanso makina oika zotumiza pamzere, otchedwa sequencer, amayendetsedwa ndi kampani imodzi, ndipo mu Disembala 2023 anaima kwa kanthawi chifukwa cha kuchuluka kwa ma inscription, deta imene anthu amalemba m'kati mwa zotumiza. N'chifukwa chake ndalama zosunga kwa nthawi yaitali ndimazisiya pa Ethereum, pamene zogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi zimakhala pa Arbitrum.