Matumba a Air Lift 1000 pa galimoto yokoka kalavani: amadzutsadi kumbuyo, koma ali ndi malire

Galimoto ya banja ikakolekedwa kalavani kapena tilela yolemera, kumbuyo kumatsika, mphuno n'kuloza kumwamba. Usiku nyale zimathobwa anzanu m'maso, chiwongolero chimapepuka, ndipo pa mahampu a ku Katete towbar (chitsulo chokolekapo kalavani) imakhula phula. Ambiri kuno ku Chipata amathamangira kugula ma shock atsopano, galimoto n'kukhalabe yogwada. Shock ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha. Chimene chimasenza kulemera ndi sipuling'i, ndiye mankhwala ayenera kupita pamenepo.

Air Lift 1000 ndi matumba awiri a mpweya, a pulasitiki wofewa wotchedwa polyurethane, olowa mkati mwa ma coil spring (masipuling'i opotana) akumbuyo, aliwonse ndi kapaipi kake ndi valavu yonga ya tayala. Amapopedwa kuyambira 5 psi mpaka 35 psi (psi ndi muyeso wa mpweya womwe uja wa m'matayala), ndipo opanga amati amathandiza kusenza mpaka mapaundi 1,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 450. Chimene timawakondera n'chakuti mpweya umachepetsedwa. Mwakoka kalavani kupita ku Mfuwe, mwabwerako, mwatulutsa mpweya mpaka 5 psi, galimoto yabwerera kufewa kwake kotengera ana kusukulu. Masipuling'i olimba sachita zimenezo. Amakugogodani msana chaka chonse. Timphira timene amakaniko ena amapanikiza pakati pa mizere ya sipuling'i sitikutilimbikitsa n'komwe, chifukwa timaumitsa gawo limodzi, gawo lotsala n'kumagwira ntchito yonse mpaka kuthyoka, ndipo pa msewu wa fumbi timathothoka.

Musanagule, suzumirani pansi. Matumbawa amafuna sipuling'i yopanda kanthu mkati. Ngati shock yadutsa mkati mwa sipuling'i, monga pa ma Corolla ambiri, salowa. Pa Hilux ndi ena a leaf spring (masipuling'i a zitsulo zosanjikizana) pamafunika mtundu wina. Komanso galimoto zambiri zochokera ku Japan sizipezeka pa mndandanda wa opanga matumbawa, omwe ndi a ku America, choncho yezani m'mimba mwa sipuling'i chamkati ndi kutalika kwa mpata galimoto itaima pansi, muitanitse ndi miyeso imeneyo. Thumba laling'ono limakhulana ndi chitsulo mpaka kubowoka.

Yezaninso galimoto ili yopanda katundu, pamalo osalala, kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri. Ngati mbali imodzi yatsika kuposa inzake ndi masentimita oposa 1 kapena 2, kapena mzere wapansi wa sipuling'i wathyoka, sinthani masipuling'i onse awiri poyamba. Thumba pa sipuling'i yakufa limangobisa matenda.

Kuika kwake sikovuta. Kwezani ndi jeke, ikani ma stand pansi pa chasisi kuti mawilo alendewere, sipuling'i itambasuke. Finyani thumba mpweya wonse utuluke, tsekani kamwa lake, lipindeni, mulilowetse pakati pa mizere, madzi a sopo akuthandizani kuti litsetsereke. Sikuludiraiva musayandikize; kankhani ndi chinthu chosasongoka. Kapaipi mukasiyire mpata wotambasukira pamene wilo latsika m'dzenje, mukamange ndi ma cable tie kutali ndi ekizozi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kutentha kwa ekizozi kumasungunula kapaipi, ndipo thumba loyandikana nayo limafuna kachitsulo kotchinga moto. Ife timalangiza valavu ziwiri, thumba lililonse yake. Mukalumikiza onse pa kapaipi kamodzi, pokhota mpweya umathawira kumbali yopepuka, galimoto n'kupendama kwambiri. Mukamaliza popani 35 psi, pakani thovu la sopo polumikiza ponse, musiye usiku wonse. Kutsika pang'ono tsiku loyamba si vuto; kutsika kwambiri ndiye kuti penapake pakutuluka.

Popopa gwiritsani ntchito pampu ya njinga yokhala ndi mutu wa valavu ya galimoto, zomwe kuno sizisowa. Kompuresa ya pa filing'i sitesheni imadzaza kathumba kotere m'kuphethira kwa diso, n'kupitirira muyeso. Gulaninso geji yowerenga mpweya wochepa, popeza ya matayala siwerenga bwino pa 5 psi. Popani musanakoleke kalavani, kenaka muchepetse mpaka galimoto itaima mowongoka. Mukapopa katundu atakwera kale, thumba limangotupira m'mipata ya sipuling'i yopanikizika.

Tsopano malire ake, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa. Mpira wa towbar uli kumbuyo kwa mawilo, choncho umakanikiza axle yakumbuyo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Titenge galimoto ya mamita 2.8 pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, mpira uli mamita 1.1 kuseri kwa axle. Makilogalamu 75 pa mpira amasanduka pafupifupi 104 pa axle yakumbuyo, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 29. Matumba amadzutsa bodi, koma makilogalamu 29 aja sabwerera kutsogolo, ndipo 104 aja akadali pa matayala ndi ma bearing omwewo. Mapaundi 1,000 olembedwa pa bokosi sakukweza malire a galimoto kapena a towbar. Manambala a pa kachitsulo ka towbar ndi a m'buku la galimoto ndiwo akulamulabe.

Ndiye yezani kulemera kwa mphuno ya kalavani. Sikelo ya m'bafa ndi kamtengo kodulidwa kuti kaplingi (chokolekera cha pa mphuno ya kalavani) ikhale pa msinkhu wa mpira n'zokwanira. Malangizo a ku Britain amati pakhale 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani yodzaza, osapitirira zimene towbar ikulola. Nthawi zambiri mudzapeza kuti botolo la gasi, batire, jenereta ndi zigubu za madzi zonse zaunjikidwa kutsogolo. Zisunthireni pansi, pamwamba pa axle ya kalavani. Kuzikankhira kumchira n'koopsa kuposa kugwada kuja, chifukwa kalavani yopepuka mphuno imayamba kugwedeza mchira, makamaka potsetsereka kapena basi yaikulu ikakudutsani pa Great East Road.

Matumba sathandizanso mabuleki kapena giya. Pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, galimoto ya giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT yokoka katundu imatenthetsa mafuta a giyabokosi msanga, ngakhale itaima mowongoka bwanji.

Chotidandaulitsa pa matumbawa ndi fumbi. Mchenga ndi timiyala zikalowa pakati pa thumba ndi sipuling'i zimalidya pang'onopang'ono, makamaka likayenda lopanda mpweya n'kumapanidwa ndi mizere. Tsukani ndi madzi mukachokera ku misewu ya kumidzi, ndipo yezani mpweya sabata iliyonse kuti usatsike pansi pa 5 psi. Kwa amene amakoka mwa apo ndi apo ndi galimoto ya masipuling'i abwino, timawavomereza ndi mtima wonse. Amene amakoka tilela ya matumba a chimanga kapena feteleza sabata ndi sabata aikiretu masipuling'i olimba ndi ma shock ogwirizana nawo.