Galimoto ya hayala ya ku Mana Pools: tenti ndi yabwino, koma snorkel ndi yokongoletsera

Amene mukufuna kubwereka 4x4 ya tenti padenga ku kampani ina ya ku Msasa mu Harare, kuti mupite nayo ku paki ya nyama ya Mana Pools ku Zimbabwe, musasaine musanatsegule boneti. Pa madola 120 patsiku omwe tinalipira, dipoziti pambali, munthu umayembekeza galimoto yokonzekera madzi, makamaka mnyamata wa pa kauntala atakuuza mwathamo kuti "iyi imawoloka paliponse, bwana."

Msewu wa Harare, Chinhoyi, Karoi mpaka Makuti sunatidandaulitse. Dizilo mudzaze ku Karoi chifukwa mu paki mulibe, chilolezo mutenge pa ofesi ya paki ya ku Marongora musanatsike phiri. Mavuto ali kumunsi, tara ikatha. Kumapeto kwa Malichi timitsinje ta m'chigwa cha Zambezi timadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumapiri, ngakhale pamene mwaimapo dzuwa likuswa mtengo. Titadutsa geti ya Nyakasikana tinapeza kena kopanda mlatho, madzi ofika pamwamba pa matayala. Zoyenera zonse zinachitika. Tinadikira maola awiri kuti aphweko, difu (bokosi la magiya la pa ekiselo) nayo izizire, kenako low range (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono), giya yachiwiri, osakhudza kilatchi m'madzimo. Kuyenda wapansi kuyeza kuya kwake tinakusiya, kuno ndi kwa ng'ona. Galimoto inatuluka tsidya lina ikutsokomola, utsi woyera uli tolotolo. Titatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, pansi pake panali madzi okwana kapu, fyuluta itanyowa ngati chinkhupule. Paipi ya labala yolumikiza snorkel (paipi yokokera mpweya wa injini kuchokera m'mwamba kuti madzi asalowe) ndi bokosilo inali yong'ambika, wina anangoikulunga ndi tepi yakuda ya magetsi. Tepi! Injini ya dizilo ikameza madzi pisitoni imalephera kuwapanikiza, ma con rod (zitsulo zogwira mapisitoni) amapindika, ndiye kuti injini yatha. Fyuluta yapadera sanatiikire, tinachita kuiyanika pa boneti mpaka mawa lake.

Kubwerera ku Harare anatidula madola 80 ati oilo wa mu difu wasanduka ngati tiyi wamkaka. N'zoona anasanduka, koma chifukwa chake n'chakuti timapaipi topumira difu sanatitalikitse, tili pansi pomwepo pa ekiselo. Imeneyo ndi ntchito ya mwini galimoto, osati wobwereka.

Komabe ndisawanamizire zonse. Tenti yawo sinadonthe usiku uwiri wa chimvula ku msasa wa Nyamepi, neti yake inalibe bowo, ndipo kugona padenga kumathandiza afisi akamazungulira msasa. Firiji inagwira bwino pa batire yachiwiri. Pampu ya matayala nayo ndi yamphamvu, tinkatsitsa mpweya kufika 1.6 bar pa matope a makande n'kupopanso onse anayi mosavuta. Ndipo makaniko wawo wachikulire, bambo wolankhula Chichewa ngati ife, ataona tepi ija anangogwira pakamwa, n'kukalankhula ndi abwana ake. Theka la ndalama linabwezedwa.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu. Mukabwereka, muuzeni makaniko alize injini, atseke kukamwa kwa snorkel ndi kabolodi inu mukuona. Injini ikafooka msanga ndiye kuti palibe pena polowera mpweya, ikapitiriza kulira bwinobwino ikukoka mpweya penapake, ndipo madzi adzalowera pomwepo. Fyuluta yapadera ndi chingwe chokokera alembe pa pepala lomwe mukusainalo.