Genesis ya Sebastião Salgado: zithunzi n'zamphamvu, koma msoko umadya zina

Ndemangayi ndi ya buku la chikuto cholimba limene kampani yosindikiza mabuku ya Taschen inatulutsa mu 2013: masamba 520, kutalika masentimita 35.5, m'lifupi 24.3. Limalemera pafupifupi makilogalamu 4, choncho amene akuganiza zoliwerenga atagona chagada aiwaliretu. Limafuna tebulo ndi manja awiri. Poitanitsa onetsetsani miyeso, chifukwa palinso lina lalikulu kwambiri la mabuku awiri, lomwe limabwera ndi choikapo chake chopangidwa ndi katswiri wa zomangamanga wa ku Japan, Tadao Ando.

Salgado, wojambula zithunzi wa ku Brazil yemwe anamwalira mu 2025, anayamba ntchito yojambula zithunzi za m'bukuli ku zilumba za Galápagos mu 2004 ndipo inamutengera zaka pafupifupi 8. Mkazi wake, Lélia Wanick Salgado, ndiye anasanja bukuli m'zigawo zisanu: kum'mwera kozizira, malo obisika ngati Madagascar ndi Papua, Africa, kumpoto kozizira, ndiye Amazonia ndi Pantanal ku South America. Zithunzi zonse n'zakuda ndi zoyera basi.

Kusindikiza kwake ndiye kumabweza ndalama. Tsegulani pa chithunzi cha phazi la buluzi wa m'nyanja wa ku Galápagos: mamba aliwonse akuoneka paokha, onyezimira ngati dzanja lovala golovesi yachitsulo, ndipo ngakhale m'mithunzi, pomwe mabuku ambiri amangothira inki bii, muno mukadali mizere yooneka. Koma izi mudzaziona bwino pa kuwala kwa dzuwa kochokera pawindo cham'mbali. Babu ya pamwamba pa mutu imanyezimiritsa pepala n'kubisa zonsezo.

Pali nkhani imene ojambula amakonda kukangana. Salgado anayamba ndi filimu pa kamera ya Pentax 645, koma mu 2008 anasamukira ku Canon ya digito, makamaka chifukwa makina ounikira katundu m'mabwalo a ndege ankamuonongera filimu. Zithunzi za digitozo anazikonza kuti zikhale ndi timadontho ngati ta filimu, ndipo popanda kuona chaka n'kovuta kulozera kuti ichi n'cha uku, icho n'cha uko. Pomwe dzanja linalemera ndi pa mitambo. Pa zithunzi zina thambo analidetsa mpaka likuchita kulanda maso, ndipo mukatsegula masamba 100 motsatizana zimatopetsa. Chigawo chimodzi pa nthawi n'chokwanira.

Vuto lenileni ndi msoko. Bukuli ndi loimirira, pamene zithunzi zambiri n'zopingasa, ndiye kuti zikule anaziyala pamasamba awiri. Pakati pa chithunzi pamalowa mumsoko, ndipo buku lonenepa chonchi silitambasuka lonse. Pa mapiri ndi madzi oundana sizipweteka kwenikweni, koma pomwe nyama kapena munthu ali chapakati, maso amakhumudwa. Musalikanikize ndi chikhatho kuti ligone, mudzathyola msana wake. Potsegula koyamba, imikani msana patebulo, gonekani zikuto zonse ziwiri, kenako tsitsani masamba 10 kapena 15 kutsogolo, enanso otero kumbuyo, mosinthanasinthana mpaka mufike pakati. Mbali imene ili ndi masamba ochepa muziikira kabuku kena pansi kuti chikuto chisalendewere.

Mulinso masamba opinda 17. Amenewa ndiwo amayamba kuonongeka: munthu amatambasula, n'kutembenuza tsamba asanabweze mpindo m'malo mwake, ndipo mzere umene umatsalapo suchoka. Malo akuda amagwiranso zidindo za zala msanga. Sambani m'manja, pukutani, osadzola mafuta. Magolovesi a thonje sathandiza, amangoterera n'kupinda ngodya.

Posunga, ligonekeni. Likaima pashelefu nthawi yaitali, kulemera kwa masamba kumakoka pomwe alumikizana ndi chikuto mpaka pamamasuka. Chinyezi ndiye mdani wamkulu: pepala losalala ngati ili likanyowa n'kuuma lili lotseka, masamba amamatirirana ndipo polekanitsa inki imachoka. Lisakhudze khoma lozizira kapena simenti.

Mawu ofotokoza zithunzi sali pamasamba, ali m'kabuku kapadera kamene amalowetsa m'katimo. Izi zimasiya masamba oyera, inde, koma kuti mudziwe ngati njovu imene mukuiona ndi ya ku Kafue ku Zambia mumayenera kusakasaka nambala ya tsamba m'kabukuko. Ogula buku logwiritsidwa kale ntchito afunse ngati kabukuko kalipo asanalipire, chifukwa kamasowa kawirikawiri, ndipo popanda iko simudziwa malo kapena chaka.

Amene anamudziwa Salgado kudzera m'buku lake la Workers la mu 1993, ndi anthu aja okwera makwerero atasenza matumba a dothi mumgodi wa golide wa Serra Pelada ku Brazil, asayembekezere zomwezo. Muno a Nenets a ku Siberia, a Zo'é a ku Brazil ndi a Mursi a ku Ethiopia anawajambula mokongola, koma anawaika pamzere umodzi ndi anamgumi ndi mapiri, ngati kuti dziko lamakono silinawafike. Kwa ine apa ndi pomwe bukuli lafooka. Wophunzira kuwala ndi kasanjidwe ka chithunzi aligule mosakayika. Wofuna kumva za moyo wa anthuwo adzafunika kuwerenganso kwina. Nyenyezi 4 pa 5.